Mutu 7: Kuyeza ndi Kuchuna Liwiro la Galamafoni

Mbale ya nyimbo imasunga mawu, koma siisunga nthawi. Mukaiyang'anitsitsa ndi galasi lokuzira zinthu mudzaona kanjira kamodzi kokha kumbali iliyonse, koyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati, ndipo m'makoma a kanjirako muli timakwinya tosawerengeka. Timakwinya timeneti ndiye nyimboyo. Singano ikamadutsamo imanjenjemera, kunjenjemerako n'kusanduka mawu. Koma mbale payokha siingauze singano kuti idutse timakwinya tingati pa sekondi imodzi. Imeneyo ndi ntchito ya gudumu limene mbaleyo imakhalapo. Gudumu likafulumira, woimba amakwera mawu ndipo ng'oma imathamanga. Likachedwa, zonse zimatsikira limodzi.

Amene anakhalapo pamzere ku chigayo amalidziwa kale lamuloli. Chigayo chikamalira chopanda kanthu mawu ake amakhala okwera, koma chimanga chikangolowa injini imalemedwa, liwiro limatsika, ndipo kulira kuja kumatsika nako. Pa galamafoni n'chimodzimodzi, kungoti khutu limene likumvera piyano kapena kwaya ndi losakhululuka kusiyana ndi la munthu wodikira ufa.

Magalamafoni oyamba a Emile Berliner, amene analembetsa luso lake ku America mu 1887, ankapukusidwa ndi dzanja nyimbo yonse, moti liwiro linkadalira mkono wa wopukusayo. Kenako kunabwera a sipuling'i, aja ankabwera nawo makolo athu pochokera ku Joni ndi ku Harare. M'kati mwa amenewa muli timiyala tachitsulo tomangidwa pa tisipuling'i topyapyala. Liwiro likakwera timiyalato timatanukira kunja n'kukoka kambale kachitsulo kuti kakhule pa kansalu ka buleki, gudumu n'kubwerera m'malo mwake. Pa zaka zoyambirirazo makampani sankagwirizana za liwiro: mbale zina zinkajambulidwa cha m'ma 70, zina pa 80. Cha m'ma 1925, kujambula ndi magetsi kutayamba, ambiri anakhazikika pa 78. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale zazikulu zozungulira ka 33⅓ pa mphindi, ndipo mu 1949 RCA Victor inayankha ndi timbale tating'ono ta 45, tija tinkalira m'magumbagumba. Manambala atatu amenewa ndi amene tili nawo mpaka lero.

Tsono kulakwika kwa liwiro kuli mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amataya nthawi pa mtundu wosapweteka kwenikweni.

Mtundu woyamba ndi wakuti gudumu likuzungulira mokhazikika bwinobwino koma pa nambala yolakwika. Tinene kuti likupitirira ndi 1 peresenti, kutanthauza 33.67 m'malo mwa 33.33. Noti ya A imene oimba amachunira zida zawo, yonjenjemera ka 440 pa sekondi, idzamveka pa 444, ndipo mbali ya mbale ya mphindi 20 idzatha masekondi 12 nthawi yake isanakwane. Kuti nyimbo ikwere ndi fureti imodzi yathunthu ya gitala pamafunika pafupifupi 6 peresenti. Anthu ambiri 1 peresenti saimva n'komwe pokhapokha atanyamula chida n'kuyesa kuimba motsatira mbaleyo.

Umboni wake ndi chimbale chotchuka cha jazi cha Miles Davis chotchedwa Kind of Blue. Nyimbo zitatu za mbali yoyamba zinajambulidwa pa 2 Malichi 1959 ku New York, ndipo tsiku limenelo makina a tepi ankayenda mochedwerapo. Tepiyo itaseweredwa pa liwiro loyenera, nyimbozo zinatuluka zothamanga ndi zokwera pang'ono, osafika ngakhale fureti imodzi. Chimbalecho chinagulitsidwa chotero, anthu n'kuchikonda dziko lonse kwa zaka zoposa 30, mpaka vutolo linakonzedwa mu 1992. Amene ankavutika nalo anali oimba ofuna kuphunzira nyimbozo pa piyano, popeza piyano simungaipotokole msanga ngati gitala.

Mtundu wachiwiri ndi umene umawononga nyimbo. Gudumu likhoza kukwanitsa ndendende maulendo 33⅓ pa mphindi, koma m'kati mwa ulendo uliwonse n'kumathamanga apa, kuchedwa apo. Kusinthasinthako kukakhala kwapang'onopang'ono akatswiri amati wow, ndipo noti yaitali imamveka ikudzandira, kukwera n'kutsika. Kukakhala kofulumira amati flutter, ndipo mawu amanthunthumira kapena kusasa. Khutu la munthu limagwira msanga kusinthasintha kochitika pafupifupi kanayi pa sekondi, n'chifukwa chake zipangizo zoyezera zimapatsa dera limeneli kulemera koposa. Piyano ndi limba la m'tchalitchi ndi zimene zimaulula vutoli, chifukwa noti ya zida zimenezi ikalira imayenera kuima chilili mpaka itazimirira. Woimba ndi pakamwa kapena woliza vayolini amagwedeza mawu mwadala, choncho amalibisa.

Kuyeza mtundu woyamba

Njira yosafuna ndalama ndi kuwerenga. Matani kapepala m'mphepete mwa gudumu, ikani chizindikiro china pa bokosi pafupi napo, ndipo tengani wotchi ya pa foni yowerenga masekondi. Pa 33⅓ ulendo umodzi umatenga masekondi 1.8, ndiye maulendo 100 ayenera kutenga mphindi zitatu ndendende, masekondi 180. Poyamba kuwerenga nenani ziro, osati wanu, pamene mukudina wotchi. Mukapeza masekondi 178, galamafoni yanu ikuthamanga ndi 1 peresenti ndi kanthu kena pamwamba. Pa 45, maulendo 90 ayenera kutenga mphindi ziwiri. Chala chimachedwa kapena kufulumira pang'ono podina, koma pa masekondi 180 kulakwitsa kumeneko n'kochepa kwambiri, ndipo ine njira iyi ndimaikhulupirira kuposa zipangizo zina zogula.

Yezani mbale ili pa gudumu, singano ili m'kanjira, ndipo mota itayamba yazungulira kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Singano imatsamira mbale ndi magalamu ochepa okha, komabe imakoka, ndipo mota yofooka imamva. Mafuta a mu bering'i nawonso amakhala olimba m'mawa wa mu Juni kusiyana ndi masana a mu Okutobala.

Njira yachiwiri ndi ya stroboscope, ndipo ndi yokoma kuimvetsa. Ndi kambale ka pepala kokhala ndi timizere takuda tozungulira m'mphepete. Magalamafoni ena ali ndi timadontho totere pa gudumu penipeni. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu amasinthasintha, kupita ndi kubwera ka 50 pa sekondi, ndipo nyale imene imatsatira kusinthako imathwanima ka 100 pa sekondi, mofulumira moti diso silizindikira. Pakati pa kuthwanima kumodzi ndi kotsatira, gudumu loyenda pa 33⅓ limasuntha madigiri awiri, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 180 a ulendo wonse. Ndiye mukajambula timizere 180 motalikirana mofanana, nthawi iliyonse nyale ikawala kamzere kalikonse kamakhala kataima pamene panali kanzake. Diso limaona timizere titaima duu pamene gudumu likuzungulira. Tikamakwawira kutsogolo, kumene gudumu likulowera, ndiye kuti liwiro lapitirira. Tikamabwerera m'mbuyo, lachepa. Mukhozanso kudziwa kukula kwa vutolo: kamzere kamodzi kakamadutsa pa chizindikiro chanu sekondi iliyonse ndiye 1 peresenti, ndipo kakamatenga masekondi khumi ndiye 0.1 peresenti, imene simuyenera kusowa nayo tulo.

Ku America, kumene magetsi ndi a 60, nyale imathwanima ka 120 ndipo timizere timafunika 216. Kambale kamodzi nthawi zambiri kamakhala ndi mizere ya magetsi a mitundu yonse iwiri, choncho onetsetsani kuti mukuyang'ana yolembedwa 50 Hz. Pa 45 pali kanthu kena kofunika kukadziwa. Kwa a magetsi a 60 masamu amatha bwino, timizere 160. Kwa ife yankho ndi 133 ndi kachidutswa, ndipo kachidutswa ka mzere sikajambulika, motero opanga amaika 133. Zotsatira zake, timizere timaima pamene gudumu lili pa 45.11. Likakhala pa 45 yeniyeni timabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kamzere kamodzi pa masekondi anayi alionse. Masamu omwewa ndi amene anachititsa kuti 78 ikhale 78.26 ku America koma 77.92 ku Ulaya.

Mababu ambiri a masiku ano ali ndi zida m'kati zosalaza kuwala, ndiye pansi pawo timizere timangooneka mbuu. Nyale ya chubu yachikale kapena kanyale ka neon ndi zimene zimagwira bwino ntchitoyi.

Koma stroboscope ili ndi msampha umene ukutikhudza ife kwambiri. Magalamafoni ambiri a lamba ali ndi mota imene liwiro lake limatsatira kusinthasintha kwa magetsi a pakhoma. Ngati nyale yoyezera ikudya magetsi omwewo, zonse ziwiri zimalakwira limodzi. Tinene kuti magetsi athima ndipo mwalumikiza jenereta imene ikuthamanga pa 52 m'malo mwa 50. Mota ipitirira ndi 4 peresenti, nyale ithwanimanso mopitirira ndi 4 peresenti, ndipo timizere tidzaima duu ngati zonse zili bwino, chonsecho woimba wakwera kuposa theka la fureti. Munthu wina akayatsa ayironi, jenereta ilemedwa, nyimbo itsika, timizere tili chiimire. Apa mpamene kuwerenga maulendo ndi wotchi kumapambana. Kulinso tinyale ta mabatire timene kuthwanima kwake kumalamulidwa ndi kamwala ka quartz, konga kamene kali mu wotchi ya pamkono, ndipo timeneti sitinamizidwa ndi magetsi a pakhoma.

Nkhani yomweyi ndi imene imakhumudwitsa anthu olandira galamafoni kuchokera kwa abale ku America. Amagula thiransifoma yotsitsa magetsi athu a mavoti 230 kufika pa 120, makina n'kuyaka bwinobwino, koma nyimbo n'kumatuluka yolemera ngati woimba wagwidwa tulo. Thiransifoma imasintha mphamvu ya magetsi, siisintha kuti asinthesinthe kangati pa sekondi. Mota yopangidwira 60 ikapatsidwa 50 imayenda magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a liwiro lake, gudumu n'kutsika kufika pa 27.8, ndipo nyimbo imagwa ndi mafureti atatu. Mankhwala ake ndi kusintha kapule ka pa mota, kamene lamba amakulunga, n'kuika kokulirapo kopangidwira 50, kapena kupeza kabokosi kopanga magetsi a 60. Galamafoni yochokera ku Britain kapena ku South Africa ilibe vutoli.

Mafoni a masiku ano nawo ali ndi mapulogalamu oyezera liwiro. Mumagoneka foni pa gudumu, ndipo kachida kamene kamamva kutembenuka kwa foniyo kamawerenga maulendo. Ndi njira yachangu yoonera ngati zinthu zasintha mutakonza kanthu, koma mafoni awiri akhoza kukupatsani manambala osiyana pa galamafoni imodzi, ndipo foni yolemera ikagona chakumbali imapendeketsa gudumu lopepuka. Nambala yake muitsimikize ndi wotchi.

Kusaka chimene chikudzandiritsa mawu

Wow ndi flutter sizigwidwa ndi wotchi. Zimafuna mbale yoyesera, imene munajambulidwa kamluzu kamodzi kosasintha, kawirikawiri konjenjemera ka 3150 pa sekondi, kapena ka 3000 pa mbale zina za ku Japan ndi ku America. Mawuwo mumawalowetsa mu kompyuta kapena mu foni, pulogalamu n'kujambula mmene nambalayo ikukwerera ndi kutsika. Kusintha kwa 0.1 peresenti kumaoneka ngati kusuntha kwa manambala atatu okha, kuchoka pa 3150 kufika pa 3153. Galamafoni yabwino imakhala pansi pa pamenepa. Poyerekeza manambala a makampani samalani, chifukwa kayezedwe ka ku Germany ka DIN kamatenga pamene kusinthako kwafika pachimake, pamene ka ku Japan kamatenga pakatikati, motero makina omwewo amaoneka abwino koposa pa pepala la ku Japan.

Chothandiza kwambiri si kukula kwa nambalayo, koma kamvekedwe ka kubwerezabwereza kwake, chifukwa chiwalo chilichonse chozungulira chili ndi nthawi yakeyake. Kudzandira kukamabwera kamodzi pa masekondi 1.8 alionse, vuto lili pa mbale, pa gudumu kapena mu bering'i. Kukamabwera motalikirapo kuposa pamenepo, ganizirani lamba, popeza iye ndi wautali kuposa pamene wakulunga ndipo malo ake owonongeka amachedwa kubwereranso pa kapule. Kukakhala kofulumira, pafupifupi kanayi pa sekondi, yang'anani kapule ndi mota. Mota zambiri za magalamafoni a lamba zimazungulira ka 250 pa mphindi pa magetsi a 50, kutanthauza kanayi ndi kachidutswa pa sekondi, ndipo limenelo ndi dera lija khutu limamva msanga. Kachitsotso kakang'ono ka labala wakale kokakamira pa kapule n'kokwanira kuipitsa piyano.

Kukonza kwake nthawi zambiri n'kosavuta. Chotsani lamba, pukutani kapule ndi malo amene lambayo amadutsa pa gudumu ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndipo musagwirenso malowo ndi zala zamafuta. Lamba wotanuka, wosweka kapena wonyezimira chifukwa cha ukalamba amaterereka ndipo ayenera kusinthidwa. Pogula watsopano musayang'ane utali wokha. Kunenepa kwake kumasinthanso liwiro, chifukwa lamba akakulunga kapule, theka la kunenepa kwake limakhala ngati lawonjezera kukula kwa kapuleko. Pa gudumu lalikulu kuwonjezerako sikuoneka, koma pa kapule kakang'ono n'kwakukulu, motero lamba wonenepa amathamangitsa nyimbo. Zulani gudumu, pukutani bering'i, donthezanimo mafuta opepuka amene opanga analangiza, osati girisi wa galimoto. Kenako onetsetsani ndi levulo ya amisiri omanga kuti galamafoni yakhala mosapendekera.

Makina akale monga Garrard 301, amene anatuluka mu 1954, amayendetsa gudumu ndi kawilo ka labala kotsamira m'kati mwake. Kawiloko kakasiyidwa kotsamira kwa zaka kamaphwatalala mbali imodzi ndipo kamagunda pa ulendo uliwonse. Kameneko n'kosintha basi. Magalamafoni a mota ya DC amakhala ndi tisikulu tiwiri pansi kapena pafupi ndi mota, kamodzi kolembedwa 33, kena 45. Potokolani pang'ono kwambiri, yezani, potokolaninso. Mtundu wa direct drive, umene gudumu limakhala pa mota penipeni popanda lamba, unayamba kugulitsidwa ndi Technics mu 1970 pa makina a SP-10. Mu 1979 kunabwera SL-1200MK2, imene imayerekeza liwiro la gudumu ndi kamwala ka quartz nthawi zonse n'kumadzikonza yokha, komanso ili ndi kotsetsereka kolola DJ kukweza kapena kutsitsa liwiro ndi 8 peresenti. Pa makina otere liwiro likamasokonekera, kawirikawiri ndi fumbi ndi litsiro m'kotsetsereka kameneka.

Mukamaliza zonsezi mudzakumana ndi vuto limene si la galamafoni konse. Mbale zambiri bowo lake silili pakati penipeni pa kanjira. Yang'anani mkono wa singano kuchokera pamwamba nyimbo ikulira: ukamapita uku ndi uku pa ulendo uliwonse, mbaleyo ndi yophonya pakati. Singano ikakhala kutali ndi pakati kanjira kamaidutsa mofulumira, ikayandikira kamachedwa, ndiye mawu amadzandira ngakhale gudumu lili langwiro. Bowo likaphonya ndi theka la milimita lokha, kumayambiriro kwa mbale, pamene singano ili mamilimita pafupifupi 146 kuchokera pakati, mawu amasintha ndi 0.3 peresenti mbali iliyonse. Pa nyimbo yomaliza, mamilimita 60 kuchokera pakati, kusinthako kumaposa 0.8 peresenti. Izi zimaposa kutali kulakwitsa kwa galamafoni iliyonse yabwino. Kampani ya Nakamichi ya ku Japan inafika popanga makina, TX-1000 ndi Dragon CT, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene ankayeza kuphonyaku n'kusuntha mbale yokha isanayambe kulira. Kunyumba, ngati bowo lili ndi kampata, mukhoza kukankhira mbale pang'ono kumbali mpaka mkono utasiya kuyendayenda. Ena amakuza bowolo ndi tupa, koma mbale yosowa ine sindingaipale. Mbale yopindika ndi dzuwa imadzandiritsanso mawu pamene singano ikukwera ndi kutsika, n'chifukwa chake mbale zimasungidwa choimika, pamthunzi, kutali ndi denga la malata.

Pali anthu ena amene kwa iwo ngakhale kulakwika kokhazikika kuja, kumene tinati khutu limakhululuka, ndi nkhani yaikulu. Ndi amene amasamutsa nyimbo zakale kuchoka pa mbale kupita mu kompyuta kuti zisungidwe. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula oimba bangwe, kalimba ndi zida zina, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Iye ankayenda ndi bokosi la timafoloko tachitsulo toyezera mawu, kuyambira konjenjemera ka 212 pa sekondi mpaka ka 424, kalikonse kosiyana ndi kanzake ndi manambala anayi, kuti alembe mmene mwini chida anachichunira. Zida zimenezi sizitsatira machunidwe a piyano, choncho wosamutsa sangakhale pa kiyibodi n'kunena kuti nyimboyi yakwera, nditsitse. Chimene angadalire ndi gudumu lake lokha. Likapitirira ndi 1 peresenti, chingwe cha bangwe chimene mwini wake anachimanga pa 300 chidzalowa mu kompyuta pa 303, pafupifupi kafoloko kathunthu ka Tracey, ndipo mwana wofuna kuchuna bangwe wake motsatira agogo aja adzatengera nambala yolakwikayo. Wogwira ntchito yotere amayeza liwiro asanayambe, amayezanso akamaliza, ndipo manambala onse awiri amawalemba pamodzi ndi dzina la nyimboyo.